Mwendo Womwe Ada Anandibisira

Ndapulumutsa miyendo ya anthu ambiri osawadziwa n'komwe, koma mwendo wa bambo anga amene anauona ndi Longwe. Ndikati ndifotokoze za zaka zanga za ku Joni ndimayambira pamenepa, chifukwa zina zonse ndikazikumbuka zimathera pomwepa. Bambo anga timawatcha Ada, monga aliyense kuno ku Chintheche amatchulira bambo ake. Longwe ndi mnzanga wa ku sekondale amene ali ndi kachipatala kake kuseri kwa msika. Sanandilakwirepo kalikonse munthuyo, ndipo ndimamuchitira nsanje mpaka lero.

Kwathu kuno kupita ku Joni si nkhani yoti munthu n'kudabwa nayo. Agogo anapita wapansi, amalume anapita, ena anabwerako ndi masuti, ena ndi chifuwa, ena anatchona osamvekanso. Ada okha sanapiteko. Iwo anali ndi bwato lawo ndi ukonde wa chilimira, koma pa nkhani yotchena ankaposa matchona onse. Ankavina malipenga pa mzere wakutsogolo m'boma la m'mudzi mwathu, ndiye kuti gulu la ovina. Munthu wonunkha usipa mlungu wonse, likafika tsiku la gule ankatuluka m'nyumba atavala kabudula woyera, malaya oyera, tayi, masokosi oyera ofika m'mawondo ndi nsapato zoti ungadziwonerepo nkhope. Ama, mayi anga, ali moyo ankawanena kuti anakwatira simbi, iwo n'kukhala mkazi wachiwiri.

Tsiku limene ndinkanyamuka, Ada anandiperekeza ku msewu atavala suti pa dzuwa la Okutobala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka anatulutsa kansalu m'thumba n'kundipatsa kuti ndipukute nsapato, ati munthu safika kwa eni ake ndi fumbi lakwawo. Chikwama changa ananyamula ndi Longwe. Nthawi imeneyo wansanje anali iyeyo. Ine ndinali dokotala wopita kunja kukawonjezera maphunziro, pamene iye anali atangomaliza za ukiliniko ofesa, ndipo anali asanadziwe kuti amutumiza kuti. Basi itafika ndinamuuza kuti aziwaona Ada. Anali mawu ongotsanzikira, monga timanenera kuti mukafika mukapereke moni. Iye anawatenga ngati lamulo.

Ku Joni anandipatsa kachipinda m'nyumba ya madokotala ophunzira, kuseri kwa chipatala chachikulu. Munali bedi lachitsulo, tebulo logwedera ndi zenera losatsekeka bwino. Kuzizira kwa kumeneko mu Juni kunandiliza, ine munthu wa kunyanja wozolowera kugona osafunda. Chipinda choyandikana ndi changa munkakhala Ilunga, dokotala wochokera ku Kongo, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Tinadziwana chifukwa cha chigwada. Tsiku lina ndinamva fungo lake m'khonde ndipo ndinalitsata ngati galu mpaka pakhomo pake. Kuyambira pamenepo iye ankapeza masamba, ine ndinkaitanitsa ufa wa kondowole kudzera mwa anyamata a mabasi, ndipo Lamlungu tinkadya limodzi, aliyense akunyoza kaphikidwe ka kwa mnzake.

Tonse tinali makwerekwere, dzina lonyozera alendo kumeneko, ngakhale titavala makoti oyera. Mu takisi tinkakhala chete kuti lilime lisatiulule. M'chipatala odwala ena akamva kalankhulidwe kathu ankafunsa nesi ngati panalibe dokotala wina. Ilunga ankati tisadandaule, ntchito yomwe tinasankha ndi yabwino kwa mlendo, chifukwa wodwala amatiwona titabisa nkhope, ndipo akamadzuka bwinobwino timakhala titapita.

Ntchitoyo ndiifotokoze, popeza ngakhale abale anga sanaimvetse. Ife ndife madokotala a zithunzi za m'thupi, koma a gulu lomwe silimangoyang'ana. Timaboola kabowo kakang'ono m'mphechepeche mwa ntchafu, n'kulowetsa kawaya kopyapyala mu mtsempha wa magazi. Makina ounikira amakhala pamwamba pa wodwala, ndipo ife maso amakhala pa kanema, kutsatira kawayako pamene kakuyenda m'kati. Tikafika pomwe mtsempha watsekeka timafufumitsa kabaluni, njira n'kutseguka. Pomwe magazi akutayikira m'kati timatsekapo. Sitichita kung'amba munthu, ndipo chipsera chake sichiposa njere ya mpunga.

Ndinaikonda ntchito imeneyi kuposa mmene ndinakondera mkazi aliyense, ndipo mwina n'chifukwa chake amene ndinamukwatira kumeneko sanachedwe nane. Pali kamphindi kena kamene sindingakaiwale. Munthu amabwera phazi litazizira, zala zitayamba kuda, a opaleshoni atanola kale mipeni yawo. Ukatsegula mtsempha n'kuthira mankhwala oonetsa magazi, umaona pa kanema timitsempha tikudzaza mpaka ku zala. Ukagwira phazi lija umalimva likufunda m'manja mwako. Nthawi zoterozo ndinkatuluka m'chipindamo ndikudziona ngati mfumu.

Koma ufumu wake unali wopanda anthu. Wodwala sanali wanga. Ankachokera kwa dokotala wina ndipo ankabwerera kwa dokotala yemweyo. Maluwa, makeke ndi zikomo zonse zinkapita ku wodi. Kamodzi ndinakumana m'sitolo ndi bambo wina amene ndinamupulumutsa mwendo, akukankha ngolo ya katundu ndi miyendo yake iwiri. Ndinamumwetulira. Iye anagwiritsa chikwama chake n'kudutsa mbali ina.

Ada ndinayesa kuwafotokozera pa foni. Anandifunsa ngati ndimang'amba anthu, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndimabaya jakisoni kapena kulemba mankhwala, ndinati si kwenikweni. Kenaka anati, “Ndiye kuti mumaonera kanema, adokotala. Chabwino, bola mukulipidwa.” Sananene monyoza. Ankandinyadira kwambiri, ndipo aliyense pa doko ankadziwa kuti mwana wawo ndi dokotala wamkulu ku Joni. Kungoti sankadziwa chomwe angandibweretsere.

Zomwe ndinkatumiza zinagwira ntchito. Nyumba ya njerwa zootcha inamangidwa, bwato linapeza injini, ana a mlongo wanga Esinati anapita ku sukulu zabwino. Esinati ndiye ankasamala pakhomo chimwalirireni Ama. Mafoni oonana nkhope atafika, ndinkaimba Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zonse ndinkadikira. Esinati ankandionetsa denga kapena nkhuku, akuseka kuti mdala wakana kubwera mpaka amange tayi. Akabwera ankakhala pa mpando wawo mowongoka, jekete litamangidwa mabatani, n'kundiuza kuti onse ali bwino, nyanja ili bwino, chinangwa chili bwino. Ndinkaseka nawo kutchenako. Sindinaganizepo kuti zaka zonsezo bambo anga ndinkawaona kuyambira m'chiuno kupita kumutu.

M'mafoni omwewo ndi momwe Longwe anayamba kundilowa m'maso. Ankapezeka paliponse. Esinati akanditumizira zithunzi za ukwati, Longwe ali pambali pa Ada. Za maliro a azakhali, Longwe wanyamula nawo bokosi pamalo pomwe ndikanagwira ine. Nthawi zina ndili pakati polankhula ndinkamva njinga yamoto ikuima panja, nkhope ya Ada n'kumasuka, n'kukuwa kuti, “Lowa iwe, mwana wa Longwe, wachedwa.” Iyeyo anali iwe. Ine ndinali adokotala.

Chomwe chinandibaya kwambiri ndi chithunzi cha mpikisano wa malipenga ku Kande. Boma lililonse limakhala ndi mfumu yake, akapitawo ake, ndi dokotala wake wovala koti yoyera, amene amayendera mzere kuona ngati ovina ali aukhondo ndi kuthandiza wokomoka ndi dzuwa. Ndi udindo wamasewera, ndikudziwa, ndipo kale ankaupatsa aliyense wokhala ndi koti. Koma pa chithunzipo Longwe, atavala koti ija, anali atagwada pa mchenga akukonza sokosi ya Ada, Ada atamugwira paphewa. Ndinachiyang'ana chithunzicho ndili m'chipinda chosinthira zovala, nditangotsiriza kutseka mtsempha wa mtsikana amene akanafa tsiku lomwelo. Ndinachifufuta, kenaka ndinauza Esinati kuti anditumizirenso.

Ntchito yathu imadya eni ake. Kuwala kwa makina aja n'koopsa ukakhala nako tsiku ndi tsiku, ndiye timavala epuloni ya mtovu kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo, n'kuima nayo tsiku lonse utawerama. Msana umayamba kudandaula usanamere imvi. Foni imalira nthawi iliyonse, uli ku tchalitchi, uli m'bafa, uli pa chakudya, chifukwa magazi akamatayika sadikira. Anzathu ankachoka mmodzimmodzi. Wina anapita kukaphunzitsa, wina anakalowa ku kampani yogulitsa mawaya omwewo, wina anangosiya n'kukaweta nkhosa.

Ilunga naye anachoka. Diso lake limodzi linayamba kuchita nkhungu, ndipo mkazi wake anamuuza kuti asankhe pakati pa ntchitoyo ndi banja. Anasiya kawaya n'kuyamba ntchito yongowerenga zithunzi pa kompyuta ali kunyumba kwake, zipatala zikumutumizira, iye n'kulemba zomwe waona. Ndinamuseka kuti wasanduka kalaliki. Sanakwiye. Anandifunsa kuti ndi liti pamene ndinadya chakudya chisanazizire. Patapita miyezi ndinakamuona atanenepa, akusewera ndi ana ake pa udzu, ndipo ndinabwerako mtima ukuwawa. Ndinkachitira nsanje wochoka, ndinkachitira nsanje wotsala kumudzi, koma ine ndemwe kusuntha ayi. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho. Pansi pa mtima ndinali ndi chifukwa china chomwe sindinauzepo munthu. Ndinkafuna kuti tsiku lina manja angawa adzagwire ntchito pa munthu wakwathu, kuti Ada adzaone okha kuti si kanema.

Amene ananditsina khutu ndi Esinati. Anati Ada sanavine pa chaka chatsopano, koyamba chibadwire iye. Anati ayamba kuyenda ndi ndodo, amachapa okha masokosi n'kuyanika kuseri kwa bafa, ndipo m'chipinda mwawo muli fungo lomwe iye sakulimvetsa. Matenda a shuga anali nawo kwa nthawi ndithu, ndipo mankhwala ake ndinkatumiza ndine. Sindinafunikire kuuzidwa zambiri. Phazi limenelo ndinali nditaliona pa anthu osawerengeka.

Ndinene zoona, m'mantha mwangamo munalinso kachimwemwe. Nthawi yanga inali itakwana. Ndinalankhula ndi akuluakulu a chipatala, ndinapeza bedi, ndinapempha manesi amene ndinkawadalira kuti adzakhalepo. M'ndege ndinkayenda kale ndi kawaya m'maganizo, kuchokera m'ntchafu, kudutsa kuseri kwa bondo, kutsikira ku akakolo. Ndinkadziona ndikugwira phazi la Ada likufunda, ndipo ndinkamuonanso Longwe akumva nkhaniyo kwa anthu a pa msika.

Kumudzi ndinapeza Esinati atamera imvi, ana ake atakula moti anandipatsa moni wa alendo. Ada anandilandira pakhonde atavala suti yabuluu yomwe ndinawatumizira. Anaonda, maso atalowa, koma tayi inali pamalo pake. Masokosi oyera analipo. Nsapato yakumanzere inali itang'ambidwa m'mbali ndi lumo kuti phazi likwane, ndipo pong'ambikapo anali atapaka polishi mosamala kuti pasaoneke. Pakhondepo pankamveka mafuta onunkhira ambiri, ndipo pansi pa mafutawo panali fungo lija.

Nditapuma ndinawapempha kuti ndione phazi. Anati mlendo sagwira ntchito tsiku lofika. M'mawa mwake anati kukubwera anthu odzandiona, ndipo anabweradi, akulu a mpingo, a boma la malipenga, asodzi anzawo. Aliyense anauzidwa kuti awa ndi adokotala aja a ku Joni, ndipo ndinakhala pa mpando wabwino kudya nsomba ya batala ndi kondowole, phazi lili pafupi nane pansi pa tebulo. Tsiku lotsatira ndinagwada kutsogolo kwawo n'kugwira chingwe cha nsapato. Anabweza mwendo mofulumira ngakhale zinawapweteka.

“Dzukani, adokotala. Buluku lanu lida.”

“Ada, ntchito yanga ndi imeneyi. Ndabwerera mwendo umenewu.”

“Ndi kachilonda chabe. Mwana wa Longwe akukaona.”

Masana omwewo njinga yamoto inafika. Longwe anandikumbatira, wonenepa, wadazi, wonunkha sipiriti, kenaka analowa ndi kachikwama kake m'chipinda cha Ada, chitseko n'kutsekedwa. Ine ndinatsala pabalaza m'nyumba yomwe ndinamanga ndekha. Ndinkamva madzi akuthiridwa m'beseni, Ada akubuula, kenaka onse awiri akuseka. Ndakhalapo ndi nsanje pa akazi ndi pa maudindo, koma ngati ya tsiku limenelo sindinaimvepo.

Atatuluka ndinamutsatira mpaka pa mtengo wa mango pomwe anaimika njinga. Ndinamufunsa kuti wakhala akuliona phazilo kuyambira liti. Anati kuyambira mvula yapitayo, pamene chala chinayamba kuzizira. Ndinamulalatira. Ndinamuuza kuti nthawi imeneyo ntchitoyo ikanatheka m'mawa umodzi, kuti wakhala akusewera ndi mabandeji pa chinthu choposa msinkhu wake, kuti ankafuna akhale yekha dokotala pakhomo pathu. Anandimvera mpaka ndinatha mawu.

“Ukunena zoona kuti n'choposa msinkhu wanga,” anatero. “Ine ndimangodziwa kutsuka ndi kumanga. Tsiku loyamba lomwe ndinawauza kuti iyi ndi ntchito ya mwana wanu, tiyeni timuimbire. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikakuuza, phazilo sindidzalionanso, ndipo salionetsa munthu wina aliyense. Ku chipatala cha boma anakana. Ndiye unene iwe, ndikanatani? Ndikuuze, atseke chitseko, liwolere mu nsapato?”

Ndinati akanandiuza basi, zinazo ndikanathana nazo ndekha.

“Mwina,” anatero. “Ndakhala ndikudzifunsa. Foni ndinaigwira kangapo.”

Anakwera njinga, koma asanalize anandiyang'ana n'kunena kuti zaka zonsezi wakhala akusirira ntchito yanga, kuti akanakhala ndi theka la zomwe ndikudziwa sakanakwirira anthu ambiri chonchi. Ankaganiza kuti akunditonthoza. Ine zinangondiwonjezera ukali, chifukwa ngakhale nsanje yake inali yaulemu kuposa yanga.

Za ulendo wa ku Joni Ada sanafune kumva. Anati sangakwere ndege akununkha, pakati pa anthu ovala bwino, n'kukachititsa manyazi mwana wawo pamaso pa anzake a ntchito. Ndinachonderera, ndinaopseza, ndinatuma akulu a mpingo. Tikukanganabe choncho, thupi lawo linatentha, anayamba kulankhula zosamveka, ndipo tinawanyamula kupita nawo ku chipatala cha boma. Ngakhale m'galimoto, ali chikomokere, dzanja lawo linali litagwira bulangeti pa mwendo.

Kumeneko anawajambula, ndipo dokotala wachinyamata amene anamva kuti ndine ndani anandibweretsera chithunzicho mwaulemu. Ndinachikweza pa zenera. Umo ndi momwe ndinauonera mwendo wa bambo anga, monga ndinaonera miyendo ya anthu ena onse, wakuda ndi woyera, wopanda khungu. Kuwola kunali kutadutsa akakolo, ndipo mafupa a phazi anali atadyeka. Panalibe chofunsa. Kawaya kamatsegula njira ya magazi, sikadzutsa mnofu wakufa. Mnyamatayo ankadikira kuti ndinene china chanzeru cha ku Joni. Ndinamubwezera chithunzi n'kumuuza kuti adule pansi pa bondo, ndipo asachedwe.

Anadula, ndipo anadula bwino. Ada anatsitsimuka pakutha pa masiku angapo. Tsiku lina Esinati atapita kukaphika ku malo a odikirira odwala, ndinakhala nawo ndekha pambali pa bedi. Anali atavala malaya a kolala, atawasititsa kwa Esinati ndi simbi yobwereka. Ndinawafunsa funso lomwe linkandidya. Ndinati chifukwa chiyani mwana wa eni ake, osati ine.

Anati ine ndinachoka pakhomo ndikuwadziwa ali pa mzere wakutsogolo, ndipo ankafuna kuti kulikonse kumene ndili ndiziwakumbuka choncho. Anati munthu amene anakusambitsa uli mwana sayenera kukuonetsa zowola zake.

“Nanga Longwe?” ndinafunsa.

“Longwe ndi wa pompano. Wandiona ndikusanza m'bwato, wandiona ndikulira pa maliro a amayi anu. Kwa iye ndilibe chosunga.” Anandigwira dzanja. “Inu ndinu ulemu wanga, adokotala.”

Ankandipatsa chinthu chachikulu koposa chomwe anali nacho, ndipo ndinkadziwa. Koma ine sindinkafuna kukhala ulemu wa munthu. Ndinkafuna beseni lija.

Ndinabwerera ku Joni, koma ntchito sinakomenso. Ndinkatsegula mtsempha, magazi n'kutsikira ku zala, manesi n'kusangalala, ine osamva kanthu. Phazi lililonse lofunda m'manja mwanga linkandikwiyitsa, ngati kuti mwini wake wandibera. Dokotala akayamba kuchitira kaduka odwala ake omwe, nthawi yake yatha. Ndinapita kwa Ilunga kukamufunsa mmene ntchito ya ukalaliki ija amaipezera. Sanandiseke, ngakhale anali ndi ufulu wonse. Anandiphikira chigwada n'kundilumikiza ndi anthu ake. Epuloni yanga ya mtovu ndinaisiya pa msomali pomwe inkakhala, ndipo ndikumva kuti wina anafufuta dzina langa n'kulembapo lake.

Tsopano ndimakhala kuno. Ndinamanga kanyumba pafupi ndi nyumba ya Ada, pamtunda pomwe netiweki imagwira, ndipo ndinaika masola. Zithunzi zimabwera kuchokera ku zipatala zomwe sindinazionepo, mapapo, mitu, misana ya anthu opanda nkhope, ine n'kulemba zomwe ndaona. Msana unasiya kuwawa. Ndimadya chakudya chotentha. Anthu a m'mudzi amandipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo mwana akatentha thupi amadutsa pakhomo panga kuthamangira kwa Longwe. Iye nthawi zina amabwera ndi chithunzi cha wodwala wake kuti ndimuthandize kuwerenga, ndipo ndimamuthandiza. Amandithokoza pamaso pa anthu, ndipo anthuwo amathokoza iye.

Ndinkaganiza kuti ndikakhala wa pompano, nanenso ndidzakhala wopanda chondisungira. Ndinadzipatsa nthawi. Ndinkapita kwa Ada m'mawa uliwonse, kukhala nawo pakhonde, kumva za mitengo ya mafuta a injini ndi za anyamata a masiku ano osadziwa kuponda sitepe. Ndinawagulira mwendo wopangira, ndipo anauveka sokosi yoyera ndi nsapato yopukuta asanayese n'komwe kuimirira nawo. Mwendowo unayamba kuwakhula pa chitsa pomwe anadula, n'kuchita kachilonda. Anandiuza ndi Esinati, osati iwo.

Tsiku lina m'mawa ndinaona njinga ya Longwe pa mtengo wa mango, ndipo ndinati lero ndilowa. Sindinagogode. Chitseko cha chipinda chinali chotsekula pang'ono. Ada anali atakhala pa bedi atavala kabudula wakale ndi vesiti yobooka, tsitsi losapesa, chitsa chija chili pa ntchafu za Longwe. Ankamuuza nkhani ya mpikisano wina wakale, akuwomba m'manja, akuseka mpaka kutsokomola, mkamwa mopanda mano awo oikirira. Ndinali ndisanawaonepo choncho chibadwire. Anali nkhalamba yosangalala, ndipo ndinaima pamenepo ndikuwakonda kuposa kale lonse.

Kenaka anandiona. Kuseka kunatha. Anakoka bulangeti n'kuphimba mwendo pamodzi ndi manja a Longwe, dzanja lina n'kutseka pakamwa.

“Iwe, tandipatsa jekete langa,” anauza Longwe. “Kwabwera adokotala.”